Mutu 7: Nkhope M'galasi la Telala

1. Pa masitepe a laibulale

Tauni imadzuka ndi phokoso. Zitseko zachitsulo za masitolo zimakokedwa m'mwamba. Mabasi amalira. Osesa misewu amautsa fumbi, ogulitsa nyuzipepala n'kumatukwana chapansipansi.

Kamphepo ankaikonda nthawi imeneyi. Dzinali anam'patsa anzake a kusukulu chifukwa cha kayendedwe kake. Mtsikanayu sankayenda, ankawomba. Ukamuona apa, kuphethira kamodzi ali uko.

Loweruka lililonse pa tchuthicho, achimwene ake ankamunyamula pa njinga yamoto n'kukamutsitsa pa masitepe a laibulale. Iwo ntchito yawo inali yoperekera katundu m'maofesi ndi m'masitolo. Misewu yonse inali m'mutu mwawo.

"Tsika, wojambula wamkulu," anatero tsiku limenelo. "Lero ubwere ndi chithunzi cha pawindo. Ndatopa kuuza anzanga kuti mlongo wanga ndi katswiri, umboni palibe."

"Muona nokha, achimwene."

"Masana undipeza pompano. Vula helemetiyo, si chipewa chako."

Anaseka onse awiri. Njinga inalowa pakati pa mabasi n'kusowa.

Kamphepo ankawakonda achimwene akewo. Ndi amene anamuphunzitsa kuwoloka msewu. Ndi amene ankamuteteza kwa anyamata a pa siteji. Koma kunyumba kunali nkhani imene sinkatchulidwa pa nthawi ya chakudya. Akazi a achimwenewo anachoka nyengo ya mvula, mwana ali kumbuyo, osatsanzika. Kamphepo ankagona chipinda choyandikana ndi chawo, ndipo khoma linali lopyapyala. Anamva zambiri. Atafunsa, amayi anangoti, "Za m'banja la eni ake sitiikapo mlomo."

Kuyambira pamenepo achimwene ankawasaka akazi awowo. Ankaima m'misika n'kumaonetsa anthu nkhope ya mkazi wawo pa foni. Masiku ena ankati akungofuna kupepesa. Masiku ena ankati, "Ndikadzamupeza adzandidziwa."

Pa masitepe panali patasonkhana kale kagulu ka ana a sekondale. Pakati pawo panaima bambo wachikulire, woonda, wa bondo lovuta, chikwama cha makamera chili paphewa. Anagwirapo ntchito mu studiyo ndi kunyuzipepala. Tsopano ankayendetsa ana m'misewu n'kumawaphunzitsa kujambula. Mawu ake oyamba ndi omaliza anali amodzi, ndipo mawuwo anasanduka dzina lake: a Dekhani.

Makamera anali a laibulale, akale, ochepa. Imodzi ankagawana ana awiri. Kamphepo ankagawana ndi Mapazi, mnyamata wamtali amene nsapato zake zinkafika pamalo iye asanafike.

"Lero ndi ulendo womaliza," anatero a Dekhani. Analoza windo lalikulu la laibulale loyang'ana kumsewu waukulu. "Zithunzi zimene ndasankha zitsukidwa zazikulu, zikoleke apo mwezi wonse. Tauni yonse imadutsa apa. Amene sanasankhidwe, mwayi wake ndi lero."

Ana onse anatembenukira kwa Kamphepo. Ndi iye yekha amene analibe chithunzi chosankhidwa.

"Osadandaula," anatero Mapazi. "Zithunzi zako n'zabwino, kungoti zimaoneka ngati unajambulira pa basi yothawa apolisi. Anthu opanda mitu, agalu a miyendo isanu ndi umodzi."

"Iwe chako anasankha chifukwa unajambula khoma. Khoma silithawa."

"Dekhani!" anatero mkuluyo. "Lamulo lathu ndi lomwe lija. Mukajambula munthu, tsitsani kamera. Perekani moni. Muonetseni chimene mwatenga. Akati ayi, fufutani iye akuona, osati mawa, osati kunyumba. Nkhope ya munthu si chipatso cha m'tchire choti aliyense athyole. Kamera ndi ya laibulale, diso ndi lanu, koma nkhope ndi ya mwini wake. Tiyeni."

2. Kuwala kwa pakhomo

Anayenda. Anadutsa okonza nsapato, okonza mafoni, ogulitsa maloko ndi mabatire. Anadutsa pansi pa mlatho wa oyenda pansi. A Dekhani ankatsogola ndi bondo lawo lokhwekhwereza, ana n'kumaponda pang'onopang'ono ngati operekeza mkwatibwi.

Kamphepo zimenezi zinkamuwawa. Ankathamangira kutsogolo, kudina batani, kubwerera, kuthamanganso. Njiwa. Wonyamula matayala. Njiwa ina.

"Mwanawe," anamuitana a Dekhani. "Ukusaka chiyani?"

"Chithunzi, bambo."

"N'chifukwa chake chikukuthawa. Wojambula mumsewu sathamangitsa anthu. Amayamba wapeza kuwala. Akapeza kuwalako amaima, n'kudikira kuti munthu alowemo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwera kuno."

Anakhotera m'kamsewu kopanikizika pakati pa nyumba zitalizitali. Munali mozizira, mwamdima, monunkha nsalu yotentha. Uku ndi uku makina osokera ankalira. A Dekhani anaima pakhomo lina n'kuloza pansi. Kamzere ka dzuwa, kopyapyala ngati lamba, kanali katadutsa pampata wa nyumba ziwiri n'kugwera pa simenti.

"Kuwala uku kukuyenda. Kulowa m'shopu umu. Iwe ima apa. Usachoke mpaka nditabwera."

Anatenga ana enawo n'kupitirira. Mapazi anatsala, atatsamira khoma.

M'shopumo munali telala wonenepa, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini ali kukamwa. Kumbuyo kwake kunali galasi lalitali loyezera zovala, lopendekeka. Chakumanja kunali nsalu yotchinga chipinda cham'kati.

"Zikomo, bambo," anatero Kamphepo. "Ndife ophunzira kujambula. Tingakujambuleni mukugwira ntchito?"

Telala analavulira mapini m'dzanja.

"Mundijambule mbali iyi. Mbali inayo ndi ya akazi anga. Ndipo mimbayi musaiike, ndi yobwereka."

Anabwerera ku makina ake. Kamphepo anakweza kamera n'kudikira.

Miyendo inayamba kuyabwa. Panja panadutsa munthu atasenza mipando itatu pamutu. Kamphepo anamuona ndi ngodya ya diso, mtima n'kudumpha, koma sanasunthe.

"Wadwala kodi?" anafunsa Mapazi. "Sindinakuonepo utaima chonchi. Ndiitane ambulasi?"

"Khala chete."

Kuwala kunakwawa. Kunawoloka pakhomo. Kunakwera mwendo wa tebulo. Kunafika pa makina, chitsulo n'kuyaka. Tizidutswa ta ulusi tinayamba kuoneka tikuyandama mumpweya. Telala anamaliza mzere, anakweza nsalu, anakoka ulusi m'mwamba kuti audule ndi mano. Ulusiwo unalowa m'kuwala n'kung'anima kuchokera pa singano mpaka kudzanja lake.

Kamphepo anadina. Kamodzi kokha.

Anatsitsa kamera monga mwa lamulo, n'kuonetsa telala. Bamboyo anapukuta manja, anasuzumira, anagwedeza mutu.

"Ameneyu ndine? Ndiye n'chifukwa chake makasitomala aakazi sachoka pano. Kolekani, mwana wanga. Kolekani poti tauni yonse ione."

3. Ngodya zinayi

Dzuwa litakwera anakhala pa masitepe a pansi pa mlatho kuti aone zimene agwira. A Dekhani ankalandira kamera imodzi imodzi, magalasi awo ali pamphuno. Atafika pa chithunzi cha telala anasiya kudina. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ichi n'cha pawindo," anatero. "Pakati penipeni."

Ana anaomba m'manja. Mapazi anavina ndi nsapato zake zazikuluzo mpaka woyenda pamlatho anasuzumira pansi. Kamphepo anangogwira pakamwa.

"Dekhani," anatero mkuluyo. "Sindinamalize. Ngodya waziona?"

"Ngodya, bambo?"

"Ndinakuuzani tsiku loyamba. Diso la munthu limathamangira pakati. Kamera ilibe tsankho, imatola zonse. Musanadine, yendetsani diso m'ngodya zonse zinayi. Taona apa. Chimene chakometsa chithunzi chako si telala yekha ayi. Ndi galasi ili. Muli munthu."

Anali kunena zoona. M'galasi lopendekeka lija munkaoneka chipinda cham'kati, kudzera pampata wa nsalu yotchinga. Munali mayi atanyamula simbi, nthunzi ikukwera, akusekerera winawake wamfupi amene sankaoneka. Ulusi wowala uja unadutsa patsogolo pa nkhope yake.

"Telala unam'pempha. Nanga mayi awa?"

Kamphepo analandira kamera. Anakulitsa chithunzicho. Anakulitsanso. Nkhope inadzaza kagalasi konse. Tsitsi linali lometa, masaya odzaza kuposa kale. Koma chipsera chodula nsidze yakumanzere chinali chomwecho. Kamphepo ankalidziwa tsiku limene chinabwera.

Anatong'ola maso pa nkhopeyo.

"Ingodula mbali imeneyo," anatero Mapazi. "Nkhani yatha."

A Dekhani anaika chala chachikulu pa galasi la m'chithunzimo. Nkhope inabisika, koma pamodzi nayo panabisika ulusi ndi dzanja la telala. Chinatsala ndi bambo wonenepa wotsegula kukamwa.

"Waona? Sizidulika."

Kenako anayang'ana Kamphepo bwinobwino. Anauza ana ena kuti akajambule mithunzi ya pamlatho. Atatsala awiri anafunsa motsitsa mawu.

"Ukuwadziwa?"

"Ndi alamu anga. Akazi a achimwene. Anathawa kunyumba."

"Achimwene ako akudziwa kumene ali?"

"Akuwasaka. Pawindo paja amadutsapo tsiku lililonse."

Mkuluyo anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso.

"Tamvera, mwanawe. Tauni ili ndi anthu a mitundu iwiri. Ena anabwera kudzaoneka. Amenewo ukawalozetsa kamera amakonza kolala. Ena anabwera kudzabisala. Sikuti onse ndi akuba ayi. Wina akuthawa chibakera. Wina akuthawa manyazi. Wina akungofuna kupuma kaye kuti aganize. Tauni ndi chofunda chawo, ndipo wojambula wosasamala ali ngati munthu wovundukula chofunda cha mnzake ali m'tulo. Sanamumenye, sanam'tukwane, koma wamusiya pa mphepo.

"Anthu adzakuuza kuti msewu ndi wa aliyense, ndiye jambula chimene wafuna. Inde, msewu ndi wa aliyense. Koma iwe ukajambula umapita kwanu kukagona. Wojambulidwayo amatsala ndi zotsatira zake. Chithunzi sichitopa, sichiiwala, sichimva chisoni. Chikakolekedwa chimauza aliyense wodutsa, wabwino ndi woipa yemwe, kuti munthu uyu ali pamalo akutiakuti.

"Ine sindikulanda kamera. Sindifufuta chithunzi chimene mwana wajambula, sindinayambe ndatero. Ndakuuza kuti n'chokoma, ndipo sindibweza mawu. Mwina sudzajambulanso china chotere chaka chino. Koma lamulo lathu silinena za munthu wapakati yekha. Pita ukawaonetse. Ine ndikhala panja."

4. Kuseri kwa nsalu

Ulendo wobwerera Kamphepo sanathamange. A Dekhani ndi bondo lawo ankachita kumudikira.

Telala atamuona anasekerera.

"Mwabwereranso mbali ya akazi anga ija?"

"Ndikufuna kuonana ndi mayi ali m'katimo."

Kumwetulira kunachoka. Telala anasiya kupalasa makina.

"Mulibe munthu m'katimo."

"Ndawaona m'galasi, bambo."

Telala anatembenuka, anayang'ana galasi lake, anatukwana pang'ono. Asanayankhe, nsalu inasuntha.

"Musiyeni alowe," anatero mawu a mkazi. "Mawu akewo ndawamva kalekale. Ndimayesa apita."

Chipindacho chinali chaching'ono, chotentha. Tebulo lositira, mulu wa mayunifolomu a sukulu, matiresi opindidwa pakona. Pansi pa tebulo panakhala kamwana kakusewera ndi timawilo ta ulusi totha. Kanachoka kunyumba kakukwawa. Tsopano kanaimirira, kanagwira mwendo wa amayi ake, kanayang'ana Kamphepo ngati mlendo.

"Kamlamu kanga," anatero mayiyo. "Watalika. Ukadali kuyenda ngati wakuba nkhuku?"

"Alamu."

Kamphepo anawayandikira. Anangopereka kamera.

Alamu anaimika simbi, anapukuta manja pa epuloni, anayang'ana. Kenako anaseka pang'ono.

"Ndanenepa eti? Taona masayawa. Ndipo ndikuseka. Sindinadziwe kuti ndimaseka ndikamagwira ntchito." Anayendetsa chala pamwamba pa kagalasi osakakhudza. "Wajambula ndiwe? Chakoma. Ndani anakuphunzitsa kuima?"

"Aphunzitsi athu achisankha. Akufuna achikoleke pawindo la laibulale. Kumsewu waukulu."

Alamu anabweza kamera. Anatenga yunifolomu pamulu, anaiyala, anaiwaza madzi.

"Shopu ino aliyense woperekera katundu amaidziwa. Galasi ilo, makina awo, mimba ya bwana wangayo. Achimwene ako sangafunse kawiri."

"Amati akufuna kupepesa."

"Anapepesa tsiku la nsidze iyi. Anapepesa tsiku la dzino. Kupepesa amatha, achimwene akowo, ndipo amalira misozi yeniyeni." Simbi inalira pa nsalu yonyowa. "Khutu ili silimvanso. Ukamandiyankhula uziima mbali iyi."

Kamphepo anasunthira mbali inayo.

"Amayi amalira mdzukulu wawo."

"Ndikudziwa. Nanenso ndimawasowa. Nkhani ili kwa anthu oweruza za mabanja, ndinakadandaula. Tsiku likadzakwana tidzakumana kumeneko, pamaso pa anthu, pali chitseko chotsegula. Osati muno. Osati pa kamsewu aka."

Kamwana kanatola kawilo kamodzi n'kukapereka kwa Kamphepo. Iye analandira.

"Sindikupempha kuti uwade," anapitiriza alamu. "Ndi achimwene ako. Kwa iwe ndi munthu wabwino, ndinkaona ndi maso angawa. Sindikukakamizanso za chithunzi chako. Unaima, unadikira, n'chako. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Ngati ukoleka, kapena ngati ukawauza, undiuze lero. Usandinamize pofuna kundisangalatsa. Ndimange katundu dzuwa lisanalowe. Ndasamukapo kale, ndikhoza kusamukanso. Kungoti pano mwanayu wayamba kugona osadzidzimuka."

5. Batani

Kamphepo anayang'ana chithunzicho komaliza. Ulusi. Nthunzi. Fumbi lowala. Palibe mutu wodulidwa, palibe chogwedezeka. Chilichonse chinali pamalo pake.

Anaima mbali ya khutu lakumva.

"Alamu, taonani kuno."

Anadina kabatani ka chithunzi cha bini. Kamera inafunsa ngati akutsimikiza. Anatsimikiza. Pa kagalasi panabwera njiwa ya m'mawa ija, yopanda mutu.

Alamu sanathokoze. Anangomukoka n'kumukumbatira ndi dzanja limodzi, lotentha ndi simbi.

"Pita," anatero. "Anzako akudikira. Ndipo uzidya, waonda ngati singano."

Kunja kwa nsalu telala anali atatembenuza kale galasi kuti liyang'ane kukhoma.

"Bambo," anatero Kamphepo, "tingabwereze? Mukokenso ulusi muja munachitira."

"Ine ndiye wokonzeka. Kukongola sikutha."

Anakoka ulusi, anatsegula kukamwa, anadikira. Kamphepo anakweza kamera. M'shopu munali mdima wamba. Kamzere ka dzuwa kanali katachoka pa makina, katatsika pakhomo, katakwera khoma la nyumba ya kutsidya. Anadina komabe. Chinatuluka chithunzi cha bambo wonenepa akuluma chinthu chosaoneka.

A Dekhani anali atakhala pa kabenchi panja, akusisita bondo.

"Kuwala kwapita," anatero Kamphepo.

"Kumatero. Sikudikira munthu."

"Mawa kudzabweranso?"

"Kudzabwera. Koma zithunzi ndikukapereka kotsukitsa lero madzulo, ndipo makamera abwerera m'kabati mpaka tchuthi china. Sindikunamiza, mwanawe. Pawindo sipakhala dzina lako."

Kamphepo anagwedeza mutu. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

Mkuluyo anaimirira movutikira.

"Chinthu china. Wafufuta cha mu kamera. Cha m'mutu mwako sichifufutika, ndipo n'cholemera. Iwe ndi mwana. Katundu wotere sasenza yekha mwana. Zikakuthina, bwera kwa ine, kapena kwa aphunzitsi ako aakazi amene umawakhulupirira. Kubisa malo a munthu wothawa nkhanza si bodza loipa. Koma usayese kukhala woweruza, kapena mkhalapakati, kapena wonyamula mauthenga. Zimenezo zili ndi eni ake. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Anzako ukawauza chiyani?"

"Kuti mayiwo akana."

"Basi. Osawonjezera."

6. Masana

Anabwerera ku laibulale dzuwa lili pamutu. Mapazi sanamvetse. Njira yonse ankadandaula ngati chithunzicho chinali chake.

"Ukanawanyengerera! Ukanawauza kuti atchuka! Munthu angakane bwanji kukhala pawindo? Ine atandijambula ndingapite ndekha kukadzikoleka."

"Iwe windo lake silingakwane. Nsapato zokha zingatseke msewu."

"Seka, koma walakwitsa."

Ana anabweza makamera. A Dekhani anawalowetsa m'chikwama imodzi imodzi n'kukwera masitepe kukalankhula ndi woyang'anira laibulale.

Njinga yamoto inali itaima kale m'mphepete mwa msewu. Achimwene anakhala chammbali, helemeti ili pabondo, akumwa madzi a m'botolo. Ataona mlongo wawo anatambasula manja.

"Wojambula wamkulu! Tiuzeni. Tiyang'ane pati pawindopo, kumanja kapena kumanzere?"

"Sanandisankhe, achimwene."

Nkhope yawo inagwa. Anamusisita pamutu.

"Aa, usadandaule. Madala amenewo maso awo atha. Tchuthi chinacho udzawaonetsa. Kwera, ndikakugulire chozizira."

Kamphepo anatenga helemeti. Anali akumanga lamba pachibwano pamene mthunzi wautali unagwera pa njinga.

"Akunama, achimwene!" anatero Mapazi. "Anamusankha. Chithunzi chake chinaposa tonse, a Dekhani anati cha pakati penipeni. Ndiye wachifufuta yekha, chifukwa cha mayi wina amene anaoneka m'galasi kwa telala. Mayi wositayo. Atangomuona anatong'ola maso ngati waona mzukwa. Mumulangize mlongo wanuyu, ali ndi mtima wofewa kwambiri."

Mapazi anawaimikira dzanja n'kumapita, nsapato zikuwomba pansi.

Achimwene sanalize njinga. Anatseka botolo pang'onopang'ono. Analiika m'thumba. Kenako anapendeketsa kagalasi ka pa chiwongolero mpaka maso awo anapeza maso a Kamphepo.

Kamphepo anayang'ana ku masitepe. Chitseko cha laibulale chinali chitatsekeka kumbuyo kwa a Dekhani.

"Mlongo wanga," anatero achimwene, mawu ali ofewa kwambiri. "Telala wake uti?"